Phazi la a Hershel

Amuna anga, a Denzil Sizemore, anagontha pang'onopang'ono, ndipo ine ndinawathandiza kubisa kwa zaka zitatu. Ndayamba ndi zimenezi kuti wina asadzanene kuti ine Oleta ndinalibe mlandu.

Anagwira ntchito yocheka matabwa ku Breathitt zaka zoposa makumi atatu. Zotseka m'makutu ankapatsidwa, koma zinkangokhala m'thumba la malaya. Ankati akufuna azimva kulira kwa macheka kuti asadulidwe chala. Zala zonse khumi anatuluka nazodi, makutu ndiwo anatsala komweko.

Zalazo ankazisungira bezi, choimbira cha zingwe cha mawu apansi. Bezi lawo ndi lija lalitali kuposa ine, loimba chiimire utalikumbatira. Analigula tisanakwatirane, ndipo sindinayambe ndadzinamiza kuti woyamba pabanjapa ndine. Madzi osefukira atalowa m'nyumba yathu, a Denzil anakwera phiri bezi lili kumsana. Ine ndinatsatira pambuyo ndekha, nditanyamula mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, ndikutukwana njira yonse.

Nyumba inapita. Kumanganso m'mphepete mwa mtsinje womwewo anakana, kukakhala m'tauni anakananso. Tinagula kalavani yakale yokoka ndi galimoto, ndipo kuyambira pamenepo kwathu ndi m'mapaki a boma. Pamalo amodzi timakhala masabata awiri, akakwana timasamuka, poti lamulo limatero. Carter Caves, Grayson Lake, Jenny Wiley, Breaks, kenako kubwerera. Kukayamba kuzizira timatsikira kummwera. Anthu amatimvera chisoni, koma ine sindinaonepo a Denzil akusangalala ngati m'mawa wosamuka, akumangirira kalavani ku galimoto, khofi akuzirala pa bonati. Pobwerera m'mbuyo analibe mnzawo. Kalavani ankailowetsa chafutambuyo pakati pa mitengo iwiri ndi dzanja limodzi, ine nditaima kumbuyo ndikukupiza manja, iwo osandiyang'ana n'komwe. Chiphaso choyendetsera ndili nacho, koma kukoka kalavani ndinali ndisanayesepo ngakhale kamodzi.

Mwana tili naye mmodzi, Twila, namwino ku Dayton. Pakamwa anatengera ine. Anatikonzera kale chipinda cha pansi pa nyumba yake, cha zenera limodzi loyang'ana matayala a magalimoto, ndipo anatiuza mosapita m'mbali: "Tsiku limene ndidzamve kuti pamsewu pachitika kanthu, makiyi ndidzatenga. Musadzati sindinanene." Bambo ake anangoseka, poti sanamve. Ine ndinamva.

Ndiye tinkabisa. Twila akaimba foni, a Denzil ankalankhula ndi mpweya umodzi: "Twila mwana wanga, uli bwanji, ife tili bwino, galimoto ili bwino, nawa amayi ako." Pa geti la paki wolankhula ndinali ine. Timakina ta m'khutu tinagula mwachinsinsi, anavala tsiku limodzi n'kunena kuti bezi likumveka ngati ndowa yobooka. Timakinato tinangokhala m'dilowa ya masipuni.

Kuimba kokha sanasiye. Bezi ankalimva m'mimba, poti limanjenjemera likatsamira thupi. Posinthira zingwe ankaonera zala za mnzathu Nadean pa gitala. Zina zonse zinali m'phazi la a Hershel Napier.

A Hershel ndi amuna ake a Nadean, amaimba vayolini, ndipo ndi anzawo a Denzil kuyambira kusukulu. Phazi lawo lamanja linkagunda pansi osathamanga, osachedwa. Pabwalo la oimba, amene wayambitsa nyimbo ndiye amaimaliza. Nyimbo za vayolini zilibe mawu, zimangozungulira, kasanu, kakhumi, mmene wafunira mwini wake. Akafuna kuti ithe amatukula phazi m'mwamba, onse amaona n'kuthera pamodzi. Kutukula phazi pa nyimbo imene sunayambitse ndi chipongwe. A Burl a banjo anakhalapo zaka ziwiri osalankhulana ndi munthu chifukwa cha zimenezo. Wongomvetsera ngati ine ndiye osayerekeza n'komwe.

Chilimwe chilichonse tinkatsata zikondwerero zimene a Hershel akupita, ndipo a Denzil ankaima moyang'anizana ndi phazi limenelo. Kumene kunalibe a Hershel ankati msana ukupweteka, bezi osalitulutsa.

Chaka chino Twila anati abwera ku chikondwerero cha nyimbo za bluegrass cha ku Poplar Fork, Lachisanu, kudzamva bambo ake akuimba. Ndinadziwa kuti sakubwerera nyimbo zokha.

Lachiwiri la sabata imeneyo tinanyamuka ku Jenny Wiley m'mawa, n'kudzera kanjira kachidule kamene a Denzil amakakonda. Pali podutsa njanji popanda chotchinga, thengo lili mbali zonse. Hutala ya sitima ndinaimva tikadali patali. Ndinkaganiza kuti achepetsa liwiro, koma sanachepetse.

"Sitima!" ndinatero.

Iwo maso ali patsogolo, akung'ung'udza kanyimbo.

"Denzil, sitima iwe!"

Ndinawamenya chibakera pamkono. Anaponda buleki, kalavani inatikankha kumbuyo, mbale zinamveka kusweka, ndipo sitima ya malasha inadutsa pamaso pathu, mphepo yake n'kugwedeza galimoto. Tinaiyang'ana mpaka bogi lomaliza.

"Ndinaiona," anatero.

Ndinawagwira chibwano kuti ayang'ane pakamwa panga, poti ndi mmene amandimvera. "Bodza! Mukanatipha inu!"

"Usamuuze Twila, Oleta. M'chipinda chija ndikafa mwezi usanathe."

Ndinapsa mtima moti ndikanatha kutsika n'kuwasiya pompo. Koma ndinalonjeza, poti chipinda chija nanenso ndinkachiopa.

Ku Poplar Fork tinaima pamalo athu a chaka ndi chaka, pafupi ndi a Burl. Mipando yathu tinakaiika kutsogolo kwa nsanja monga mwa masiku onse, n'kubwerera kumisasa kumene kumaimbidwa zenizeni. Lachinayi masana galimoto ya a Hershel inafika, koma woyendetsa anali Nadean. Anatsika, n'kuzungulira kumbuyo, n'kutulutsa njinga ya olumala.

Unali shuga. Mwendo wamanja anaudula mu Epulo, pansi pa bondo. Wamanzere unali m'chinsapato chachikulu cha kuchipatala, wosagwedezeka. A Hershel anali atamuletsa Nadean kuuza aliyense.

"Mukuyang'ana chiyani?" anatero a Hershel. "Vayolini ndimaimba ndi mwendo? Denzil, mdala iwe, tseka pakamwa, ntchentche zingalowe."

A Denzil anaseka ataona ena akuseka. Kenako anayang'ana pansi, pamene panayenera kukhala phazi, nkhope n'kugwa. Ndikuvomereza ndi manyazi kuti nanenso chisoni changa choyamba sichinali cha a Hershel.

Titalowa m'kalavani ndinatseka chitseko n'kuwakhazika pansi. "Mawa munene kuti msana."

"Kwa namwino? Andigoneka patebulo pomwepa. Zaka makumi atatu sindinaphonyepo Lachisanu pamsasa pa Burl. Ndikapanda kuimba adziwa."

"Ndiye valani timakina tija."

Anasisita dazi lawo. "Nditibisa m'tsitsi liti?"

"Nanga mutani?"

"Ndionera dzanja la Nadean."

"Dzanja la Nadean lidzakuuzani kuti nyimbo yatha?"

Apo anatembenuza nkhope. Akafuna kuti asandimve amangoyang'ana kumbali, ndipo palibe chimene chimandinyansa kuposa chimenecho.

Twila anafika Lachisanu dzuwa lili pamutu. Ndinali nditaphika nyemba ndi chigumu. Anatikumbatira, ananena kuti tonse taonda, n'kutsegula kabati kuti atenge mbale.

"Amayi, mbale zamaluwa zija zili kuti?"

"Ndinapatsa anthu."

"Zonse?"

"Zimalemera. Udya kapena ukuwerenga katundu wanga?"

Titadya, a Denzil anatulutsa bezi n'kuyamba kulichuna panja. Ndinamuona Twila akuzungulira mwakachetechete mpaka kukaima kumbuyo kwawo.

"Ababa, ndikutsanulireni tiyi?"

Zii.

"Samwa tiyi asanaimbe," ndinatero msangamsanga.

"Ndafunsa ababa, amayi."

"Akamachuna bezi samva ngakhale bingu. Ngati sukuwadziwa bwanji?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali osaphethira, monga mmene amawayang'anira odwala onama kuti amwa mankhwala. Ndinayamba kupukuta tebulo lopukuta kale.

Bwalo linayamba 4 koloko pansi pa lona la a Burl. Panali a Hershel panjinga yawo, Nadean, a Burl, ndi azimayi awiri a ku Virginia amene amabwera chaka chilichonse, wina wa mandolini, wina wa gitala. A Denzil anaima pamalo awo akale, moyang'anizana ndi phazi limene kunalibe. Omvetsera tinali ngati makumi awiri. Twila anakoka mpando wake n'kukhala pafupi nane mpaka mapewa kugundana.

Nyimbo ziwiri zoyamba anayambitsa Nadean, zamawu. A Denzil ankayang'ana dzanja lake ndi pakamwa pake, ndipo pomaliza Nadean anatukula phazi lake. Zinadutsa bwino, ngakhale a Denzil malaya anali atanyowa kale ndi thukuta. Pena anatsalira pang'ono chifukwa maso anagwera pa phazi la a Burl, limene limathamanga chibadwire, koma anabwerera msanga. Ndinayamba kupuma. Ndinkati mwina a Hershel, poti akudwala, asiyira ena kuyambitsa tsiku lonse.

Ndiye Twila anakweza mawu. "Amalume a Hershel, nanga ija ndinkavina ndili mwana?"

"Ya Lachisanu?"

"Yomweyo."

Ndikanatha kumutsina mwana ameneyu. Ya Lachisanu ndi nyimbo ya agogo awo a Hershel, ilibe dzina lina, ilibe mawu, ndipo imangozungulira mpaka a Hershel atakhutira. Tsiku lina inatha mphindi ziwiri, tsiku lina khumi ndi zisanu. A Hershel anayang'ana a Denzil, anayang'ana Twila, n'kuika vayolini pansi pa ndevu.

Inayamba. A Denzil anaigwira bwino, maso ali dwii pa dzanja la Nadean. Bezi linkagunda mpaka ndinkalimva m'miyendo ya mpando. Ine ndinayesa kuwerenga kuti yazungulira kangati, koma ndinasokoneza pa kachitatu. Zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi ndakwatiwa ndi woimba, koma nyimbo za vayolini zonse kwa ine ndi imodzi. Ndikaomba m'manja anthu amandipempha kuti ndisiye.

Inazungulira, inazunguliranso. A Hershel anali atatsinzina, akusangalala koyamba chidulireni mwendo, ndipo ndinadana nawo chifukwa cha chisangalalo chimenecho. Twila sankayang'ana oimba, ankayang'ana bambo ake okha.

Kenako a Hershel, mutu uli chiweramire, pakamwa pali m'ndevu, anakuwa: "Komaliza!"

Aliyense pamenepo anamva kupatula munthu mmodzi. A Denzil ankangodula zingwe, maso pa dzanja la Nadean, osadziwa kuti kwatsala kupuma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuti onse aime iwo n'kupitiriza okha, gu, gu, gu, pamaso pa mwana wawo.

Ndinali moyang'anizana nawo. Ndikanatukula phazi akanaliona. Koma Twila akanalionanso, ndipo akanafunsa kuti amayi ake, amene sadziwa ngakhale kuomba m'manja, ayamba liti kumalizitsa nyimbo za eni ake. Ndikatukula ndawaulula, ndikapanda kutukula adziulula okha. Ndinaona chipinda chija, zenera lija, bezi litatsamira makina ochapira. Phazi langa linakana kuchoka pansi.

Loyamba kukwera linali la a Burl. A Burl enieniwo, a zaka ziwiri zosalankhula aja, anatukula jombo lawo pa nyimbo ya mwini, mpaka mpando unapendekeka. Kenako la Nadean. Kenako a azimayi a ku Virginia aja, onse awiri. Kumbuyo kwa oimba, pakati pa omvetsera, ndinaona nsapato zina zitatu kapena zinayi zili m'mwamba. Ndipo pambali panga, phewa lake likadali pa langa, Twila anali atawongola mwendo wake, phazi lili m'mwamba kuposa onse.

A Denzil anaona. Anatsika ndi bezi bwinobwino n'kuthera pamodzi ndi vayolini, ngati kale. Pabwalo lonse, phazi la munthu wowadziwa limene linatsala pansi linali langa.

Palibe anaomba m'manja. Mapazi anatsika limodzilimodzi, a Denzil akuwayang'ana. Makutu awo anafiira.

"Nonse?" anatero.

A Hershel anayendetsa njinga mpaka pafupi, anakankhira ndevu pambali kuti pakamwa paoneke, n'kukuwa: "Zaka zitatu, Denzil! Umaganiza ndinkaponda pansi ngati ndikupha njoka chifukwa chiyani? Phazi lija linathera iwe, madokotala angonamizira shuga!"

"Ngakhale galu wanga akudziwa, achimwene," anatero a Burl.

Anthu anaseka, ena akupukuta m'maso. A Denzil sanaseke. Anagoneka bezi pa udzu, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita, n'kutuluka pansi pa lona. Ndinamva makiyi akulira m'dzanja lawo.

Twila anadzuka. Ndinamugwira mkono. "Wakhutira? Wawachititsa manyazi bambo ako pamaso pa anthu."

"Ine? Amayi, ndakhala ndikudziwa kuyambira Khrisimasi ya chaka cha dzana ija. Ndinkadikira kuti mmodzi wa inu andiuze. Mumandiyesa chitsiru?"

"Ukanatifunsa."

"Ndakufunsani za mbale masana omwe ano. Mwandiyankha chiyani?"

Ndinamusiya mkono, tonse n'kulondola bambo ake.

Tinawapeza atakhala pampando wa dalaivala, chitseko chili chotsegula, injini osailiza. Makiyi anali m'manja. Twila anaima pamene akanatha kumuona pakamwa, koma iwo ndi amene anayamba. Anamuuza za sitima, zonse, osachotsera. Ine ndinkawagwedezera mutu kuti asiye, iwo osandiyang'ana.

"Amayi ako akanapanda kundimenya, bwenzi lero uli kumaliro," anatero.

Twila anagwira chitseko cha galimoto. Anandiyang'ana kamodzi, ndipo ndikanakonda akanangonditukwana. Kenako anatambasula dzanja. "Ababa, makiyi."

A Denzil analiyang'ana dzanjalo nthawi yaitali. Anatsika m'galimoto, anasisita chiwongolero kamodzi, analambalala dzanja la mwana wawo, n'kuika makiyi m'thumba la epuloni yanga.

"Ababa! Amayi sanakokepo kalavani chibadwire!"

"Aphunzira. Ine andikoka zaka makumi anayi, ndipo ndimalemera kuposa kalavani."

"Inu musandiike m'nkhani zanu," ndinatero, koma ndinali nditaima pambali pawo, ndiye sanamve.

Ine ndi Twila tinakangana ola lathunthu m'kalavani, mawindo ali otseka, ngakhale ndikukhulupirira kuti msasa wonse unamva. Ananena kuti ndine wouma mutu, ndinamuuza kuti anatengera kwa azakhali ake. Analira, ndinalira. Potsiriza tinagwirizana zitatu: timakina tichoke m'dilowa ya masipuni, bambo ake asadzakhudzenso chiwongolero, ndipo ine ndiphunzire pamaso pake Loweruka ndi Lamulungu m'munda wa kuseri kwa nsanja. Kalavani ikadzangokalika ngakhale pang'ono, ulendo wa ku Dayton.

Anthu anapita kukamvera oimba otchuka, ine ndili m'munda ndikugwetsa ndowa zimene Twila anandandalika. Ukakhotetsa kumanja kalavani imapita kumanzere. Amene anapanga zimenezi ndikufuna ndidzakumane naye. A Denzil Loweruka lonse sanaimbe, sanadye, anangokhala pampando timakina tikulira m'makutu. Lamulungu anabwerera pabwalo. Ananena kuti bezi likumvekabe ngati ndowa, komanso kuti sankadziwa kuti a Burl amaimba moipa chonchi masiku ano.

Lolemba tinanyamuka kupita ku Grayson Lake, ine pa chiwongolero, iwo pampando wanga. Njira yonse ankaponda buleki imene kulibe. Podutsa njanji ndinaima, ndinatsitsa magalasi onse, n'kumvetsera. Iwo anangoyang'ana kunja, ndipo ndinawamvera chisoni kwambiri moti ndinawakalipira za khofi amene anataya pampando.

Malo amene tinapatsidwa anali pakati pa mitengo iwiri. Anthu a m'makalavani oyandikana anatuluka ndi makapu awo, monga timachitira tonse wina akamalowa chafutambuyo. A Denzil anatsika n'kukaima kumbuyo, pamalo panga.

Ndinalephera kasanu ndi kamodzi. Iwo ankakupiza manja mbali zonse, ine osamva tanthauzo lake.

"Kumanzere kwa ndani?" ndinakuwa pawindo.

"Kwa kalavani!"

"Kalavani ili ndi manja?"

Thukuta linkalowa m'maso. Mtengo wa kumanja unali pafupi moti ndinkaona nyerere zikukwera, ndipo ndinkamva mawu a Twila akuti ikadzangokalika. Ndinapita patsogolo, ndinawongola, ndinagwira chiwongolero kumunsi kwake monga Twila anandiphunzitsira, n'kuyambanso pang'onopang'ono. Ulendo uno inalowa mowongoka. Mtengo unadutsa, winanso unadutsa. Sindinkadziwa kuti kumbuyo kwatsala malo otani, ndipo kukuwa kuja kunali kutasiya.

Ndinayang'ana pa galasi loonera kumbuyo. A Denzil anali ataima kumapeto kwa malowo, dazi likuwala padzuwa, manja ali m'thumba, akundiyang'ana. Anadikira matayala azungulire kamodzi, kawiri, kenako anatukula phazi.

Ndinaponda buleki. Ndinakhala pamenepo ndikulira, injini ikulira, iwo phazi likadali m'mwamba.